Mutu 6: Tusekile Asankha Zotchingira Makutu

1. Apongozi

Aliyense wodutsa kuseri kwa msika wa pa Karonga Boma amaidziwa shedi ya Ba Chakufwa, fundi wa matabwa. Sufunika kufunsa njira. Phokoso limakulonjera uli kutali, malata usanawaone n'komwe.

Mwini phokosolo ndi chimakina chopalira matabwa. Mafundi a pashedipo anachipatsa dzina loti Apongozi. Ati chifukwa chikayamba kulankhula, wina aliyense amatseka pakamwa.

Tsono pashedi imeneyi panali mtsikana mmodzi yekha wophunzira ukalipentala, dzina lake Tusekile. Anali wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, wamtali, woyenda ngati wachedwa kwinakwake. Ali sitandade 4 anadwala malungo aakulu, ndipo atachira anapeza kuti dziko lonse latsitsa mawu. Kuchipatala anamupatsa timakina tiwiri tothandiza kumva, tokoleka kuseri kwa khutu, tokhala ndi kapulasitiki kolowa m'kati. Akativala ankamva bwino ndithu. Akativula ankangomva zikuluzikulu zokha, monga lole kapena mabingu, komanso ngati zikuchokera kuseri kwa phiri.

Miyezi itatu yathunthu ntchito ya Tusekile inali sandipepa. Kukwecha miyendo ya matebulo, kusesa utuchi, kupaka vanishi panja pansi pa mtengo wa mango. Apongozi ankangowaonera patali. Koma maso a mtsikanayu, inu, sankaphonya kanthu. Munthu amene anazolowera kuwerenga milomo ya anzake amaona zambiri zimene eni makutu amadutsa osaziona.

Lolemba lina kunabwera nkhani yoti sukulu ina ya ku Uliwa ikufuna madesiki ambirimbiri teremu isanayambe. Woyendetsa makina anali mmodzi, Gregory wa ku Ngara, bambo wa nthabwala amene anakhala pa Apongozi zaka khumi ndi ziwiri. Yekha sakanakwanitsa. Pankafunika wachiwiri wosinthana naye.

"Ndani akufuna kuphunzira makina?" anafunsa Ba Chakufwa.

Mafundi ena anayang'ana pansi. Dzanja limodzi lokha linakwera m'mwamba, loyera mbuu ndi fumbi la sandipepa.

"Ine, adada," anatero Tusekile, poti ndimo onse pashedipo amawaitanira abwana awowo.

2. Lamulo la Ba Chakufwa

Ba Chakufwa anakankhira chipewa chawo kunkhongo. Chinali chipewa chakale cha nsalu, chothimbirira, chimene sichinkachoka pamutu pawo ngakhale dzuwa litabisala.

"Mwana wane, khala pa benchi apo, undiyang'ane pakamwa monga umachitiramo," anatero. Anakweza dzanja lamanzere. "Ukuliona dzanja ili? Chala chapakati chili kuti? Chinatsala ku Mzuzu iwe usanabadwe. Mnzanga anaona msomali m'thabwa, anakuwa, ine maganizo ali ku mpira. Makina sadziwa kuti ili ndi thabwa, ichi ndi chala cha mwana wa munthu. Sapepesa, sabwezanso. Ine sindikana kuti ndiwe wakhama. Vanishi wako ndi wosalala kuposa wa amuna onsewa. Koma sindifuna tsiku lina kukaima pakhomo pa amayi ako nditanyamula chipewa m'manja. Ndiye pano lamulo ndi limodzi, ndipo ndi lakale kuposa malata awa. Ndikakuwa kuti 'Zimitsa!' makina azime pomwepo. Amene sangamve mawu anga sakhudza Apongozi. Wamva?"

"Ndamva, adada."

"Lachisanu ndikuyesa pamaso pa onse. Ukapambana, madesiki ndi ako ndi Gregory. Ukalephera, ubwerera ku sandipepa, ndipo nkhaniyi tisadzaikambenso."

Atatero anakoka katoni pansi pa tebulo. Inachokera ku bungwe lophunzitsa achinyamata ntchito zamanja, lomwe linamutumiza Tusekile pashedipo. Munali magalasi otchinga maso, zotseka mphuno, ndi zotchingira makutu za mitundu itatu. Munali tisiponji ting'onoting'ono tosomeka m'khutu. Munali zivindikiro zofiira, zopyapyala, zokongola ngati mahedifoni. Pansi penipeni panali zivindikiro zachikasu, zikuluzikulu, zakuya, zimene palibe anazikhudzapo chibwerere.

"A bungwe ati wophunzira wawo asayandikire makina makutu ali pamtunda," anatero Ba Chakufwa. "Sankha chako. Uli ndi masiku anayi."

3. Alangizi achuluka

Nkhani ikagwa pashedi ya Ba Chakufwa siigona pamenepo, chifukwa pageti pamakhala Febby. Febby ndi mnzake wa Tusekile kuyambira ku pulayimale, ndipo amagulitsa mafirizi ndi chinangwa chokazinga. Mtima wake ndi wabwino, koma pakamwa pake palibe chitseko. Pofika masana, azimayi ogulitsa mpunga mumsika anali atadziwa kale za Lachisanu.

Woyamba kupereka malangizo anali Gregory. Anatulutsa m'thumba mpukutu wa thonje. Paja kwawo ku Ngara amalima thonje, ndipo chaka chilichonse iye amabwera ndi kathumba kodzaza n'kugawira mafundi onse. Amalidonthezera mafuta ophikira pang'ono, kulipota, n'kulisomeka m'khutu. Ndiwo unali mwambo wa pashedipo.

"Mlongo, zam'katonizi zisakuzunguze mutu," anatero Gregory. "Ife takalamba ndi thonje. Komanso iweyo ukufuna kutchinga chiyani? Makutu ako anagona kalekale. Ungozimitsa mawayilesi akowo, atseka okha khutu ngati chivindikiro cha botolo. Ndiwe wamwayi, wabwera ndi zako kuchokera kunyumba."

Febby analowerera, bokosi la mafirizi lili m'chiuno.

"Ba Gregory, musamunamize mnzanga! Tuse, tenga zofiirazi. Uoneka ngati woulutsa mawu pa wayilesi. Ndikujambula, Karonga yense aone. Koma zachikasuzo ayi, ndapota nawe. Uoneka ngati wavala mbale ziwiri za ndiwo."

Tusekile anayamba ndi tisiponji. Tinakanika pomwepo, chifukwa m'khutu munali kale kapulasitiki ka kamakina kake. Khutu ndi limodzi, alendo awiri sakwanamo.

Anatenga zofiira zija n'kuzivala pamwamba pa timakina. Eee! Zinapanikiza kamakina pafupa la kuseri kwa khutu, ndipo kanayamba kulira kuti pyiii, ngati mwanapiye wapondedwa. Shedi yonse inamva.

"Apongozi apeza mdzukulu!" anakuwa Gregory. Mafundi anaseka mpaka wina anagwetsa hamala. Tusekile anazivula, nkhope ili gwaa, osaseka, osaliranso.

Lachitatu anayesa njira ya Gregory. Anazimitsa timakina, kutisiya m'makutu momwemo, n'kukhala ola lathunthu akusanja matabwa pafupi ndi makina. Phokoso ankalimva ndithu, mpaka m'mano. Makina atazima, anayatsanso timakina take, koma m'mutu munatsala nyenje. Zinalira njira yonse yopita kunyumba. Amayi ake atamufunsa za kuntchito, anachita kubwereza funso kawiri, chinthu chimene chinali chisanachitike kwa zaka.

M'mawa mwake anapempha Ba Chakufwa kuti abwereke zivindikiro zonse ziwiri, n'kulunjika kuchipatala.

4. Mawu a Anesi Margaret

Anesi Margaret ndi mayi wa ku Thyolo, amene amaona za makutu tsiku Lachinayi lililonse. Ndiwo ankamusinthira Tusekile mapulasitiki a timakina pamene ankakula. Atamva za thonje, za kuzimitsa timakina ndi za nyenje zija, anavula magalasi n'kuwaika patebulo.

"Mwanawe, amene anakuuza kuti makutu ako anagona sakufunira zoipa, koma sakudziwa. Tamvera. Inu kuno mumalima mpunga. Madzi osefukira akakokolola munda wonse, m'nyumba n'kutsala chitini chimodzi cha mbewu, mumachitani nacho? Mumaphika? Mumachisiya panja nkhuku zidye, poti zambiri zapita kale? Iyayi. Chimenecho ndiye mumachisunga kuposa china chilichonse. Kumva kumene kunakutsalira ndi chitini chimenecho. Timakinati sitipanga kumva kwatsopano. Timangokuza kamene kalipo. Phokoso likadya kotsalako, ngakhale nditakupatsa timakina tochokera kunja, sitidzakhala ndi chokuza. Ndipo khutu lowonongeka ndi phokoso silichira. Nyenje zimene wamva dzulozo ndi khutu likudandaula."

Tusekile anagwira khutu lake osadziwa.

"Chachiwiri," anapitiriza Anesi, "kamakina kozimitsa si chotsekera. Taona kabowo aka pa pulasitiki. Ndi kopitira mpweya kuti khutu lisaole. Pamene papita mpweya, phokoso limapitanso. Thonje nalo ndi chimodzimodzi. Kuika thonje m'khutu kuli ngati kufunda chitenje pa mvula ya m'Malichi. Umaoneka ngati wadzitchinga, koma ukunyowa."

Kenako anamuveka zivindikiro zofiira n'kulowetsa chala kuseri kwa khutu. Chala chinalowa bwinobwino.

"Waona? Kamakina kakuzitukula, pakutsala mpata. Izi si zako."

Anamuveka zachikasu. Zinameza khutu lonse pamodzi ndi kamakina, osakakhudza, osaliranso. Tusekile anamwetulira. Koma Anesi anamuuza kuti akhale nazo kaye pabenchi pamene iwo ankaona wodwala wina. Atabwerera anazivula. Kuseri kwa makutu kunali chinyezi, thukuta likutsikira pa timakina.

"Alipo anthu amene amavala zivindikiro zakuya ngati izi pamwamba pa timakina tawo, ndipo tikawayeza bwino zimatheka," anatero Anesi. "Koma iwe ntchito yako ndi ya tsiku lonse, pansi pa malata, kutentha kwa Karonga kuno. Thukuta ndi utuchi zitipha timakinati mwezi usanathe. Ndiye kwa iwe langizo langa ndi ili. Ukamapita pa makina, vula timakina, utsekere m'kachitini kouma. Vala zachikasuzi, zigwire bwino, tsitsi kapena mpango zisalowe pansi pake. Makina akazima, pukuta makutu, uvalenso timakina tako."

"Koma Anesi, ndikatero sindimva akamati 'Zimitsa.' Ndiye kuti ndalephera mayeso."

Anesi Margaret anavalanso magalasi awo.

"Ine ndakuuza za khutu, chifukwa ndi zimene ndimadziwa. Za pashedi ukuzidziwa ndiwe. Wakhalapo miyezi itatu, si choncho? Waonapo chiyani?"

5. Nzeru za Febby

Pobwerera Tusekile anamupeza Febby akumudikira pansi pa mtengo wa mango, firizi wofiira ali kale m'manja.

"Ndiuze zonse, usasiye kanthu," anatero Febby.

Tusekile anamufotokozera. Febby anamenya m'manja.

"Iii, mavuto ake omwewo? Tamvera kuno, mwana wa amayi. Mawa vala zofiirazo, koma uzikweze pang'ono kuti zisalize timakina. Timakinato tisiye choyaka. Adada Chakufwa akakuwa, iwe umva bwino kuposa aliyense. Wapambana, basi! Zachikasuzo udzavala sabata yamawa, anthu ataiwala. Ndani adziwe?"

"Iwe udziwa," anatero Tusekile. "Ndipo ukadziwa iwe, msika wonse wadziwa."

"Ine? Ndinaululapo chiyani ine?"

"Ndiyambe ndi nkhani ya aphunzitsi aja ndi njinga yobwereka?"

Febby anaseka mpaka anatsamwa.

"Komanso," anatero Tusekile, "ndikapambana monama mawa, Lolemba ndidzavala zachikasu. Adada adzakuwa, ine osamva, iwo akuganiza kuti ndikumva. Pamenepo ndiye pamapita chala."

Anamaliza firizi amene Febby anamupatsa, maso ali pa mtanda wa denga la shedi, pamwamba pa Apongozi. Kenako anatembenukira kwa mnzake.

"Chitenje chako chofiira chija, chimene chinapsa ndi mafuta m'mphepete, chilipo?"

"Chilipo. Ukufuna uchitani nacho chinthu chakutha chija?"

"Ubwere nacho mawa m'mawa. Ndipo ukauze amalume ako a ku doko andipatseko chingwe chosokera ukonde."

"Undiuze kaye!"

"Ndikakuuza lero, mawa sipakhala chodabwitsa."

Febby anavutika tsiku limenelo, inu. Kukhala ndi theka la nkhani kumamuwawa kuposa dzino.

6. Lachisanu

Mafundi atafika Lachisanu anapeza nsalu yofiira itapachikidwa pa mtanda, pamwamba pa makina. Chingwe chake chinadutsa pa mtandawo n'kutsikira pa nsanamira imene Ba Chakufwa amakonda kuimapo, ndipo chinali chokoledwa pa msomali.

"Ndani wayanika zochapa m'shedi mwanga?" anafunsa Ba Chakufwa.

Pageti panali patadzaza kale. Akabaza anaimika njinga zawo. Azimayi a mpunga anasiyira anzawo malo n'kubwera. Febby anali kutsogolo ngati mwini mwambo.

Ba Chakufwa anaika katoni pa tebulo. "Tusekile, wasankha?"

Tusekile anapisa dzanja n'kutulutsa zivindikiro zachikasu. Pageti panamveka kuseka. Wakabaza wina anakuwa kuti, "Mbalezo mutibwereke pa chakudya chamasana!" Iye sanatembenuke. Anatulutsanso m'thumba la apuloni kachitini kotsukidwa bwino n'kukaika pambali.

"Ndasankha izi, adada. Ndipo ndikamapita pa makina, timakina tanga ndizivula n'kutsekera umu. Anesi andiuza kuti ndikapanda kutero, kumva kumene kunanditsalira kutha."

Ba Chakufwa anapukusa mutu mwachisoni.

"Ndiye kuti sundimva."

"Sindikumvani, adada. Sindikufuna kukunamizani."

"Ndiye mayeso athera pompa, mwana wane. Lamulo ukulidziwa."

"Ndikulidziwa. Koma ndifunse nawo chinthu chimodzi, mwaulemu. Apongozi akamalankhula, ndani pano amene amakumvani?"

Mafundi anayang'anana. Gregory ndiye anayamba kuseka.

"Mlongo, ine zaka khumi ndi ziwiri! Adada akangotsokomola, ine ndazimitsa kale."

"Ndiye tiyeni tione, Ba Gregory," anatero Tusekile.

Akabaza anavomereza mokuwa kuti tione, tione. Gregory anapota thonje lake monyada, kulisomeka, n'kuyatsa makina. Apongozi anayamba kubangula. Analowetsa thabwa loyamba, lachiwiri, msana uli kwa abwana ake. Ba Chakufwa anaima pa nsanamira yawo, anadikira pang'ono, kenako anadzaza chifuwa.

"Zimitsa!"

Gregory anatola thabwa lachitatu.

"Zimitsa!"

Mitsempha ya m'khosi mwa Ba Chakufwa inatuluka. Azimayi a pageti anaona pakamwa pakutseguka, koma nawonso mawu sanawamve bwino. Gregory ankagwedeza mutu ngati akuimba kanyimbo mumtima.

Kachitatu Ba Chakufwa sanakuwe n'komwe. Dzanja lawo linapita lokha kumutu, linatenga chipewa chija, n'kuchiponya. Chinamenya Gregory pamsana kuti phwa! Pomwepo Gregory anadumphira pa swichi, makina n'kuzima.

"Mwaona?" anatero Gregory akutembenuka, mano onse pamtunda. "Nthawi yomweyo!"

Pageti anthu anagwa nako kuseka. Gregory anayang'ana uku ndi uku, kenako anaona chipewa chili pa utuchi pafupi ndi mapazi ake. Kumwetulira kuja kunazima pang'onopang'ono.

Tusekile sanaseke nawo. Anatola chipewacho, anachikuntha, n'kuchipereka ndi manja awiri.

"Adada, miyezi itatu ndakhala ndikuonera pansi pa mango apo. Sindinaonepo makina akuzima chifukwa cha mawu. Amazima ndi chipewa ichi. Chikakhala kutali, mumaponya kachidutswa ka thabwa. Tsiku lina munaponya pensulo. Mumachita osadziwa, chifukwa dzanja linazolowera."

Ba Chakufwa anayang'ana chipewa chawo ngati achiona koyamba.

"Nanga tsiku limene mudzaphonye?" anafunsa Tusekile motsitsa mawu. Kenako analoza nsalu ija. "Mukakolola chingwe pa msomali apo, nsaluyo igwa n'kuima patsogolo pa maso a woyendetsa. Ndayeza chingwe, siifika pa makina. Kumapeto kwake ndamangako kathabwa kuti izigwa msanga. Aliyense pashedi pano akhoza kukolola, osati inu nokha."

Ba Chakufwa anakolola chingwe. Nsalu inagwa kuti pherere, n'kuima m'malere. Anaikoka, anaikolola kachiwiri. Anakanda ndevu.

"Matabwa khumi," anatero. "Sindikuuza nthawi."

Tusekile anavula timakina take pamaso pa anthu onse, chinthu chimene kale sakanachita ngakhale pamaso pa Febby. Anatitsekera m'kachitini n'kukaika pa shelefu, kutali ndi utuchi. Anakokera mpango kumbuyo, anavala magalasi ndi chotseka mphuno, kenako zachikasu zija, n'kuzikanikiza ndi zikhatho kuti zigwire. Dziko linati duu. Anayatsa makina. Apongozi anangomveka ngati galimoto yodutsa kutali pa msewu waukulu, ndipo kunjenjemera kwawo kunabwera kudzera kumapazi.

Thabwa loyamba linalowa lakuda n'kutuluka loyera, Gregory akulandira mbali inayo. Lachiwiri. Lachitatu. Manja a Tusekile ankathera kutali ndi pakamwa pa makina, monga ankaonera kwa miyezi itatu ija. Febby anaiwala zojambula, analuma mkombero wa chitenje chake.

Pa thabwa lachisanu ndi chiwiri, chofiira chinagwa patsogolo pake.

Chikhatho cha Tusekile chinali pa swichi nsaluyo isanasiye kugwedezeka.

Makina atatheratu kuzungulira, anavula zivindikiro, anapukuta makutu ndi kansalu kouma, anatsegula kachitini n'kuvala timakina take. Chinthu choyamba chimene anamva chinali nthungululu za azimayi a mpunga. Akabaza ankaliza mabelu a njinga. Febby ankadumpha akukuwa kuti, "Chitenje changa chimenecho! Changa!"

Ba Chakufwa anakweza dzanja la zala zinayi lija, anthu n'kukhala chete.

"Yewo, mwana wane. Ndakuwa zaka makumi atatu ndikuganiza kuti anthu akundimva. Lolemba uyamba madesiki. Nsalu iyi isachoke, ndipo zachikasuzo ndi zako, ulembepo dzina. Thonje ndisalionenso pa makina anga." Anavala chipewa, kenako anatembenukira kwa Gregory, nkhope itasintha. "Koma iwe, ndakuwa kawiri ndili pafupi chonchi. Lolemba tikambirana."

7. Kuseri kwa matabwa

Anthu atabalalika, Tusekile anakhala pa benchi n'kulemba dzina lake pa zivindikiro zachikasu ndi utoto wakuda, chilembo chimodzichimodzi. Ankalemba mosafulumira, kuti aliyense wowerenga aziona bwino.

Ali mkati molemba, Gregory anabwera n'kuima patsogolo pake. Nthabwala zonse zinali zitamuthera. Anamukodola kuti apite kuseri kwa mulu wa matabwa.

"Mlongo, zija ndinanena za makutu ako, pole, undikhululukire. Ndinalankhula ngati chitsiru."

"Zatha, Ba Gregory."

"Sizinathe." Anayang'ana kumbuyo, kenako analankhula mokweza kuposa mmene ankaganizira. "Nyenje zija Febby akuti unazimva m'makutu Lachitatu. Zanga zili ndi zaka ziwiri, sizisiya. Khutu lamanzere ili, foni sindiyimveranso. Kutchalitchi ndimangoyang'ana anzanga, akaseka nane ndiseke. Adada akadziwa, andichotsa pa makina. Ndipo mwezi wamawa kuli chinkhoswe changa ku Uliwa, mkaziyo sakudziwa kanthu. Anesi akowo amaona anthu tsiku liti?"

"Lachinayi. Ndikuperekezani."

"Koma chonde, zikhale pakati pa iwe ndi ine. Makamaka mnzako uja asamve."

Pamenepo kuseri kwa muluwo kunamveka kuti gubudu, ngati bokosi lagunda thabwa. Gregory sanamve kanthu. Tusekile, timakina tili m'makutu, anamva bwinobwino.

Anasuzumira. Febby anali atafika kale pageti, bokosi la mafirizi likudumphadumpha m'chiuno, dzanja limodzi litagwira pakamwa, miyendo italoza kumsika. Ndipo pakati pa azimayi a mpunga aja, wina kwawo ndi ku Uliwa.

Tusekile anapachika zachikasu zake pa msomali, utoto usanaume, n'kuliyatsa liwiro kulondola Febby.